Kuchepetsa thupi muli ndi anzanu: momwe mungayambire ndi kupitirizira muno mu Harare

Anthu ambiri akaganiza zochepetsa thupi amayamba okha, mwakachetechete, Lolemba m'mawa. Amasiya shuga, amakana nsima, ena amagula tiyi wolonjeza zodabwitsa. Pakatha masabata awiri mphika wa pakhomo wawagonjetsa, chifukwa amene amaphika sanauzidwe, amene amagula zinthu sanauzidwe, ndipo palibe amene akuwadikira pageti kuti ayende nawo. Chakudya cha kwathu ndi cha pamodzi. Mphika ndi umodzi, wogawa ndi mmodzi, ndipo kukana chakudya kwa apongozi ku Mabvuku kapena pamaliro ku Mufakose kumaoneka ngati mwano. Ndiye amene akufuna kutsitsa thupi ayenera kukonza zinthu ziwiri nthawi imodzi, mbale yake ndi anthu omuzungulira.

Yambani ndi kuyeza

Musanasinthe chilichonse pitani ku polyclinic ya m'dera lanu kapena ku famase kumene amayeza, mukadziwe zinthu zinayi: kulemera kwanu, kutalika kwanu, BP ndi shuga wa m'magazi. BP imene ikubwerezabwereza pa 140/90 kapena kupitirira ndi yofunika kuonedwa ndi achipatala, chimodzimodzinso shuga wa 7.0 mmol/L kapena kuposa apo mukayezetsa musanadye kanthu m'mawa.

Nambala imene achipatala amaitcha BMI mukhoza kuiwerengera nokha pafoni. Chulukitsani kutalika kwanu m'mamita ndi nambala yomweyo, kenako gawani makilogalamu anu ndi yankholo. Mayi wotalika mamita 1.60 wolemera makilogalamu 82 achulukitse 1.6 ndi 1.6, apeze 2.56, agawe 82 ndi 2.56, apeze 32. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati kuyambira 18.5 mpaka 24.9 thupi lili bwino, kuyambira 25 lapitirira, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa kumene kumabweretsa matenda.

Tepi ya telala imauza zambiri kuposa sikelo, chifukwa mafuta oopsa kwambiri ndi a pamimba, amene amakuta chiwindi ndi matumbo. Imani chilili, pezani pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, zunguzani tepi pakhungu osaimanga kwambiri, pumirani kunja ndipo werengani. Musakokere mimba mkati. Muyezo wosavuta kukumbukira ndi wakuti mimba isapitirire theka la kutalika kwanu: wa masentimita 160 akhale pansi pa 80, wa masentimita 176 akhale pansi pa 88.

Pali ena amene sayenera kuyamba asanalankhule ndi namwino kapena dokotala. Mayi woyembekezera asachepetse chakudya n'cholinga choonda, ndipo woyamwitsa mwana wakhanda afunse kaye. Odwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi a glibenclamide akachepetsa nsima mankhwala ali chimodzimodzi, shuga amatha kutsika mpaka kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kukomoka, choncho mlingo wa mankhwala uyenera kuonedwanso. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, jakisoni wolera wa Depo-Provera ndi prednisolone amanenepetsa anthu ena. Musasiye mankhwalawa panokha ngakhale tsiku limodzi. Kanenani kumene mumalandira. Ndipo ngati thupi likutha lokha musanachite kanthu, makamaka pali chifuwa, thukuta la usiku, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, pitani mukayezetse TB, shuga ndi HIV sabata yomweyo.

Cholinga chokhala ndi nambala

Musayambe ndi maloto obwerera ku thupi la pa ukwati. Cholinga choyamba chikhale kutsitsa makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse amene muli nawo, m'miyezi isanu ndi umodzi. Kwa mayi wa makilogalamu 82 uja ndi makilogalamu 4 mpaka 8. Zikuoneka zochepa, koma BP, shuga ndi mawondo zimamva kusiyana. Kafukufuku wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsata anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera. Amene anathandizidwa kutsitsa thupi ndi pafupifupi 7 pa 100 ndi kuchita zolimbitsa thupi mphindi 150 pasabata anachepetsa chiopsezo cha matenda a shuga ndi 58 pa 100.

Masamu ake ndi awa. Makalori ndi muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi, ndipo kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Mukamadya makalori 500 ochepera amene thupi likugwiritsa ntchito tsiku lililonse, mumatsika pafupifupi theka la kilogalamu pasabata. Liwiro limeneli ndi lokwanira. Kuthamanga sikufika: amene amadzimana mpaka kutsika makilogalamu awiri sabata iliyonse amataya ndi minofu yomwe, njala imakula, ndipo ambiri amabwerera pamene anali.

Kumene makalori 500 abisala

Anthu amathamangira kuimba mlandu nsima, koma yambani ndi botolo la mafuta ophikira. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo ambiri sathira ndi supuni, amangopendeketsa botolo mpaka tomato asambire. Botolo la malita 2 lili ndi makalori oposa 16,000. Banja la anthu asanu likamaliza botololi m'masabata awiri, aliyense wadya makalori oposa 230 patsiku a mafuta okha. Likatha mwezi wathunthu, mwachotsa theka popanda wina kugona ndi njala. Chitani chonchi: lembani pabotolo tsiku limene mwalitsegula, ikani supuni pambali pake, ndipo mphika wa repu kapena covo wa banja lonse ulandire supuni imodzi kapena ziwiri. Anyezi akayamba kukakamira pansi thirani madzi pang'ono, osawonjezera mafuta. Nyama ya mafuta yambani kuiwiritsa, tsanulani mafuta oyandama pamwamba, ndipo nkhuku ichotseni khungu isanalowe mumphika. Masamba otendera ndi abwino, koma nsinjiro ndi chiponde zili kale ndi mafuta ake, supuni yaikulu ya chiponde ili ndi makalori pafupifupi 95, choncho mukatendera musakazingenso.

Chachiwiri ndi shuga. Supuni yaing'ono yosadzaza mulu ili ndi magalamu 4. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire pafupifupi magalamu 50 patsiku, amene ndi masupuni 12, ndipo ndi bwino koposa kukhala pa 25. Makapu atatu a tiyi a masupuni atatuatatu atha kale masupuni 9, tisanawerengere phala. Musasiye tsiku limodzi, chifukwa lilime limakana. Chotsani theka la supuni pakapu sabata iliyonse. Pakatha mwezi ndi theka tiyi wa masupuni atatu mudzamumva ngati uchi.

Zakumwa zimanyenga kwambiri chifukwa sizikhutitsa. Botolo la mamililita 500 la chakumwa cha gasi chotsekemera limatha kukhala ndi shuga wokwana magalamu 50, gawo lonse la tsiku pakamwa kamodzi. Boma la Zimbabwe linaika msonkho pa shuga wa mu zakumwa mu 2024, ndipo zakumwa zimasiyana kuchuluka kwa shuga, choncho werengani pabotolo pamene alemba magalamu a shuga pa mamililita 100, muchulukitse molingana ndi kukula kwa botololo, monga ndi 5 ngati lili la mamililita 500. Chitani chimodzimodzi ndi maheu a m'sitolo, juwisi wa m'katoni ndi Mazoe, amene ambiri timamuthira wokhathamira. Ma freezit a m'nyengo yotentha ndi madzi ndi shuga basi. Thobwa lophika nokha lili bwino chifukwa shuga mumathira nokha, koma liwerengeni ngati chakudya, osati ngati madzi. Mowa nawo uli ndi makalori 7 pa galamu iliyonse ya ukali wake. Botolo lalikulu la mamililita 750 limafika pafupifupi makalori 300, ndipo chigubu cha Chibuku chili ndi mowa ndi phala lomwe. Loweruka limodzi la kanyenya kwa Mereki, mabotolo anayi ndi nyama yonona, limatha kufafaniza zambiri mwa zimene munadzimana kuyambira Lolemba.

Tsopano nsima, imene anzathu kuno amati sadza. Musaisiye. Munthu amene wasiya nsima amadya buledi wambiri kapena amagonja pakatha masabata atatu. Ufa wa chimanga uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100, ndipo mtanda wofanana ndi chibakera chanu umakhala ndi makalori pakati pa 200 ndi 250. Vuto ndi mitanda itatu usiku, munthu n'kukagona. Wodya itatu atsike pa iwiri kwa masabata awiri, kenako umodzi ndi theka. Mayi wogwira ntchito yokhala pansi mtanda umodzi umamukwana. Bambo woumba njerwa kapena wokankha ngolo ku Mbare Musika akufunika yoposa apo. Njira yodalirika ndi kuyeza ufa musanaphike ndi kapu imodzimodzi tsiku lililonse, chifukwa nsima ikatsala mumphika imapeza woidya. Mgaiwa kapena roller meal ndi wabwino kuposa ufa woyera kwambiri chifukwa uli ndi gaga ndipo umakhalitsa m'mimba, chimodzimodzinso ufa wa mapira, mawere ndi mchewere. Koma makalori ake ndi ofanana ndi a ufa woyera, ndiye mtanda usakule poti ndi wa mawere.

Gawani mbale motere: theka masamba, gawo limodzi mwa anayi nsima, mpunga kapena mbatata, ndipo gawo lotsalalo ndiwo zomanga thupi monga nyemba, khobwe, nzama, matemba, mazira, soya kapena nyama yofanana ndi chikhatho chanu. Yambani kudya masamba. Nkhwani, luni, bonongwe, therere, mpiru, kabichi ndi mfutso zonse zimapezeka mumisika ya kuno, ndipo WHO imalimbikitsa magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Aliyense agawiridwe mbale yake. M'mbale imodzi ya anthu anayi palibe amene amadziwa kuti wadya zochuluka bwanji.

Buledi wa m'mawa ndi msampha wina. Theka la lofu lili ndi makalori oposa 800, majarini tisanapake. Magawo awiri ndi dzira lowiritsa, kapena mbatata imodzi yapakatikati, kapena phala la mgaiwa la supuni imodzi ya chiponde zimakufikitsani masana. Amene amagwira ntchito m'tauni anyamule chakudya cha kunyumba m'kontena, chifukwa njala ya 1 koloko ikakupezani pa Copacabana kapena pa Market Square mudzagula tchipisi, mandasi ndi chakumwa. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wa mu supu wa m'mapaketi ndi timakyubu tokometsera.

Kuyenda

Muyezo ndi mphindi 150 mpaka 300 pasabata za kuyenda kwa ndawala, kumene mukhoza kulankhula koma simungathe kuimba. Amene sanazolowere ayambe ndi mphindi 15 masiku asanu pasabata, aziwonjezera mphindi 5 sabata iliyonse mpaka afike 30 kapena 45. Tsikani kombi siteji imodzi kapena ziwiri musanafike. Kawiri pasabata limbitsani minofu: kukhala ndi kudzuka pampando ka 10, kukankha khoma ka 10, kunyamula zigubu ziwiri za madzi za malita 5, zonsezi maulendo atatu. Minofu imateteza mawondo ndipo imathandiza kuti thupi lisabwerere.

Dziwani kuti munthu wa makilogalamu 80 akayenda ndawala mphindi 30 amagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 150, osafika ngakhale botolo limodzi la chakumwa chija. Kuyenda kumatsitsa BP ndi shuga, kumagonetsa tulo tabwino ndipo kumathandiza kusunga zimene mwatsitsa, koma makilogalamu ambiri amachokera kumbale. Ambiri amalakwa podzipatsa mphoto ya chakudya akabwera koyenda.

Nyengo ya Harare ikonzereni. Mu June ndi July kumazizira ndipo kumachedwa kucha, ndiye sunthirani kuyenda kumasana kapena madzulo dzuwa lisanalowe. Mu October yendani m'mamawa, madzi ali m'manja. Nthawi ya mvula, kuyambira November mpaka March, mvula ya mabingu imakonda kugwa masana, choncho m'mawa ndiye nthawi yabwino. Kumene kulibe njira ya oyenda pansi yendani kudzanja lamanja la msewu, moyang'anizana ndi magalimoto, mutavala zowala. Kuyenda awiri si mantha: kukada musayende nokha. Kamodzi pamwezi gulu lisinthe malo, lipite ku Harare Gardens, ku Mukuvisi Woodlands kapena kukakwera mwala wa Domboshava, mutafunsiratu za ndalama yolowera. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo, imani ndipo kaonaneni ndi achipatala.

Kukhazikitsa gulu

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mu 1999 akatswiri awiri a ku America, Rena Wing ndi Robert Jeffery, anafalitsa zimene anapeza atayerekeza anthu olowa okha pulogalamu yochepetsa thupi ndi olowa ndi anzawo. Mwa olowa okha n'kulandira thandizo wamba la pulogalamuyo, 76 pa 100 anamaliza ndipo 24 pa 100 anasunga zonse zimene anatsitsa kwa miyezi isanu ndi umodzi yotsatira. Mwa olowa ndi anzawo n'kuphunzitsidwa kuthandizana, 95 pa 100 anamaliza ndipo 66 pa 100 anasunga. Ife a kuno luso losonkhana tili nalo kale. Tili ndi chipereganyo, chimene kuno amati mukando, tili ndi mabungwe a maliro, makwaya, amayi a Chigwirizano ku CCAP, magulu a kumzikiti. Chimene chimasowa ndi kuliyendetsa gulu lochepetsa thupi ndi malamulo olimba ngati a gulu la ndalama.

Gulu likhale la anthu anayi mpaka asanu ndi atatu okhala moyandikana, oti angafikirane wapansi. Likakula kuposa apo wosowa saoneka kuti wasowa. Gwirizanani nyengo ya masabata 12, yokhala ndi tsiku loyamba ndi lomaliza, chifukwa munthu amavomera msanga chinthu chokhala ndi malire. Ikatha mudzayambe ina. Sonkhani ndalama pang'ono mugule sikelo imodzi, tepi ndi kope lachikuto cholimba, ndipo ngati zingatheke makina oyezera BP a pamkono. Sankhani mlembi, wosunga sikelo ndi woitana, amene ntchito yake ndi kuimbira osowa. Maudindowa azisintha mwezi uliwonse kuti gulu lisadalire munthu mmodzi, chifukwa magulu ambiri amafa tsiku limene mwini wake wadwala kapena wapita kumudzi.

Kumanani kamodzi pasabata, tsiku ndi nthawi yomweyo, makamaka Loweruka m'mawa musanadye. Sikelo iikidwe pasimenti yosalala, pamalo amodzimodzi. Pa kapeti kapena padothi imanama. Aliyense akwere atavula nsapato ndi jekete, kuseri, pali mlembi yekha. Nambala ndi ya mwini wake, ndipo ailengeze yekha ngati akufuna. Mimba yezani kamodzi pamwezi.

Kenako khalani mozungulira, aliyense apatsidwe mphindi zitatu zoyankha mafunso atatu: ndinalonjeza chiyani, ndachita masiku angati, chandilepheretsa n'chiyani. Pomaliza atchule lonjezo limodzi la sabata ikubwerayo, ndipo mlembi alilembe. Lonjezo likhale lowerengeka. "Ndiyesetsa kudya bwino" si lonjezo, chifukwa palibe amene angalitsimikize. "Tiyi wanga akhala wa supuni imodzi masiku onse asanu ndi awiri" kapena "Ndiyenda mphindi 20 Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu pa 6 koloko ndi achemwali awa" ndi malonjezo. Limodzi lokha pasabata. Wolonjeza zisanu amalephera zinayi n'kuchita manyazi kubweranso. Mukatha yendani limodzi mphindi 30. Msonkhano wonse usapitirire ola ndi theka, ndipo pasakhale masikono kapena zakumwa zotsekemera. Madzi akwana.

Mkati mwa gulu khalani awiriawiri. Mnzanu ndi amene amagogoda pageti nthawi yoyenda, ndiponso amene mumamutumizira uthenga pamene mwayesedwa. Pa WhatsApp musadzaze gulu ndi mavidiyo otumizirana, amene amangotha bandulo; uthenga wa "ndayenda 30" madzulo ndi wokwanira. Zithunzi za munthu zisatuluke m'gulu popanda chilolezo chake.

Lamulo lofunika kuposa onse ndi la wosowa. Munthu amajomba kwambiri sabata imene kulemera kwake kwakwera, pamene akufunikira anzake koposa. Woitana amuimbire pasanathe masiku awiri, ndipo mawu ake akhale oitana: "Achemwali, tinakusowani Loweruka. Mawa ndikudutsirani pa 6, tikayende." Asafunse za sikelo. Amene wajomba kawiri motsatizana ayenderedwe kunyumba ndi anthu awiri.

Zinthu zitatu zimapha magulu otere. Choyamba ndi mpikisano wa makilogalamu. Abambo ndi anthu olemera kwambiri amatsika msanga, ndipo mayi wamfupi wa zaka 50 sangapikisane nawo ngakhale atachita zonse molondola. Ena amayamba kusala kudya Lachisanu kuti apambane Loweruka. Ngati mukufuna mphoto, ipite kwa amene sanajombe kapena amene wasunga malonjezo ambiri, ndipo isakhale chakudya. Chachiwiri ndi malonda. Wina akayamba kugulitsa tiyi woondetsa, mapiritsi kapena malamba omanga pamimba, gulu lasanduka msika. Matiyi ambiri otere ali ndi senna kapena zina zotsegula m'mimba ndi zokodzetsa, amachotsa madzi mafuta ali pomwepo, ndipo ndi oopsa kwa odwala impso ndi omwa mankhwala a BP. Lembani patsamba loyamba la kope kuti m'gulu simugulitsidwa kanthu. Chachitatu ndi kunyoza kobisika m'nthabwala. Mayina ngati "chidyansima" kapena kugwira mimba ya mnzanu kumaseketsa onse kupatula mwini wake, ndipo munthu wochititsidwa manyazi amakadyera kobisika.

A pakhomo ndi pakamwa pa anthu

Khalani pansi ndi amene amaphika ndi amene amagula zinthu musanayambe, ndipo pemphani zinthu zenizeni. Bambo anene kuti, "Mayi a kunyumba, BP yanga yakwera. Ndikupempha mtanda umodzi ndi theka, masamba ambiri, ndipo mafuta tiziyeza ndi supuni." Mayi anene kwa bambo kuti, "Bambo, pobwera kuntchito musamagule zakumwa za malita awiri zija, mubweretse nthochi kapena malalanje." Musaphike miphika iwiri, wina wa "wodwala" wina wa banja, zimatopetsa wophika ndipo zimatha pasanathe mwezi. Mafuta ochepa, shuga wochepa ndi masamba ambiri ndi zabwino kwa onse. Ana okha musawachepetsere chakudya, akukula.

Kwa alendo ndi kwa akuluakulu kukana kumafuna ulemu. Landirani, idyani gawo lanu, yamikirani, kenako nenani: "Amayi, ndiwo zakoma zedi, ndakhuta. Wotsalawu mundikulungire ndikadye mawa." Paukwati kapena pamaliro, pomwe pamakhala mpunga, nsima, tchipisi ndi saladi wa mayonezi m'mbale imodzi, sankhani chokhutitsa chimodzi, ndipo musapite ndi njala ya tsiku lonse.

Pali nkhani ina imene imabweza anthu ambiri m'mbuyo ngakhale saitchula. Kwathu kunenepa kumatengedwa ngati chizindikiro cha kupeza bwino ndi banja losamalana, ndipo mibadwo imene inaona maliro a Edzi imayang'ana munthu woonda ndi diso la mantha. Mukatsika makilogalamu asanu mudzamva kuti "Kodi mukudwala?" kapena "Bambo sakukusamalani?" Konzeranitu yankho lalifupi, lomwelo kwa aliyense: "Ndili bwino, ndikutsitsa dala chifukwa cha BP ndi mawondo." Gulu limathandiza pano, chifukwa anthu asanu ndi mmodzi akamaoneka akuyenda limodzi m'mawa uliwonse, dera lonse limadziwa chifukwa chake ndipo mphekesera zimasowa poyambira.

Sikelo ikaima kapena kukwera

Sabata yoyamba ena amatsika makilogalamu awiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi madzi; musayembekezere zomwezo sabata yachiwiri. Thupi limasinthasintha ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri chifukwa cha mchere, kudzimbidwa kapena masiku oyandikira kusamba kwa amayi, choncho yerekezani nambala ya lero ndi ya masabata anayi apitawo.

Ikaima masabata anayi athunthu, fufuzani mwadongosolo. Lembani chilichonse cholowa pakamwa kwa masiku atatu, limodzi likhale Loweruka, kuphatikizapo kulawa pophika, zotsala za ana ndi mtedza wodyera pamsika, amene dzanja limodzi lodzaza lili ndi makalori oposa 150. Onani tsiku lolembedwa pabotolo la mafuta. Yezaninso kapu ya ufa, chifukwa mitanda imakula pang'onopang'ono osadziwika. Werengani maola ogona. Osakwana asanu ndi awiri amawonjezera njala ndi chilakolako cha zotsekemera. Alonda ndi ena ogwira ntchito usiku adye chakudya chachikulu asanapite kuntchito, anyamule dzira, chipatso ndi madzi, m'malo mwa tiyi wa shuga ndi buledi usiku wonse. Amene amadumpha chakudya cha m'mawa ndi cha masana n'kudya mitanda itatu pa 9 koloko usiku abwezeretse chakudya cha masana. Zonsezi zikakhala bwino, kumbukirani kuti thupi lochepa limagwiritsa ntchito makalori ochepa, ndiye onjezani mphindi 15 pakuyenda kapena chotsani chinthu chimodzi china. Ngati mimba ikuchepa pa tepi ngakhale sikelo yaima, pitirizani momwemo.

December ikonzereni mu November. Gulu ligwirizane kuti kuyambira pa 15 December mpaka sabata yoyamba ya January cholinga ndi kusakwera, ndipo tsiku lokumananso lilembedwe m'kope aliyense asanakwere basi ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe kudzera pa Nyamapanda. Amene wabwerako atakwera makilogalamu awiri akwere sikelo tsiku lomwelo pamodzi ndi anzake, ayambirenso ndi lonjezo limodzi, ndipo mlembi atsegule tsamba latsopano la masabata ena 12.